Folo Apu ya a Shaba

Tiwonge, bwereza mawu wanenawo. Ayi, usaseke, bwereza ndimve bwino, makutu angawa ayamba kusankha zomva. Ndakufunsa kuti amalume ako a Vitumbiko ku Joni akhala chete chichokere Pasaka, kodi mwawaimbira? Iwe wandiyankha kuti, "Agogo musadandaule, tipanga folo apu." Mayo ine! Mawu amenewa anditsata mpaka pakhonde panga pomwe? Khalani pansi, ana inu. Wongani, chotsa timawaya ito m'makutu, ukuoneka ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Tengani lichero ili muziswa mtedza, manja asamangokhala. Ndilankhula Chichewa chanu cha ku Lilongwecho, poti Chitumbuka chanu chimayambira pa yewo n'kuthera pomwepo.

Inu mumayesa Chingerezi munabwera nacho ndinu. Folo apu ameneyo ine ndinamutaipa kosawerengeka amayi anu asanabadwe. Ndinali taipisiti mu ofesi ina pa Boma pompano. Dzina la ofesiyo sinditchula, ana a anthu amene ndinkagwira nawo ntchito timakumana kutchalitchi. Taipilaita mukuidziwa inu? Chimakina cholemera, ukachinyamula wekha msana umakumbuka sabata yonse. Ukalakwitsa chilembo chimodzi panalibe zofufuta ndi chala ngati pafonipo, unkayambiranso tsamba lonse. Mapepala atatu, makaboni awiri pakati, zala zakuda bii mpaka Lamlungu. Koma ndinali munthu, ana inu. Ndikamapita kuntchito, nsapato za gogoda, tsitsi lowongola ndi chipeso chamoto, amayi a pamsika ankakodolana kuti, "Uyo NyaMoyo wa ku ofesi." Ndinkanyada chomene, ndisaname.

Mawuwa tinawaphunzira kusukulu. Aphunzitsi athu a Chingerezi anatiuza kuti folo apu ndiko kuilondola nkhani osaisiya mpaka ithe. Anati ng'ombe ikasowa m'khola sukhala pansi n'kumadikira, umatsata mapazi ake kudambo, m'minda ya eni, mpaka uigwire chingwe. Tanthauzo lake ndi limenelo, ndipo ndi labwino. Koma mawu akalowa m'kamwa mwa anthu aliyense amawamanga mmene akufunira. Kuchipatala akati mubwere ku folo apu, ndiye kuti ubwererenso pakatha milungu iwiri akaone ngati ukadali ndi moyo. Amabungwe aja a magalimoto oyera akati tabwera kudzapanga folo apu, ndiye kuti muimirire pafupi ndi mjigo wakufa uja, mumwetulire, akujambuleni, azipita. Kukomiti ya kutchalitchi, folo apu ndi njira yoikira nkhani m'manda popanda nyimbo. Anyamata a masiku ano nawo ndamva akuti mtsikana akakukana umapanga folo apu. Onani Wongani wayang'ana pansi, ndalasa. Nthawi yathu zimenezo tinkangoti kukakamira. Koma mu ofesi mwathu mawuwa ankatanthauza chinthu chimodzi: pitani kwanu, ndipo musafulumire kubweranso.

Bwana wathu anali munthu waudongo, wovala tayi ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, cholembera cha inki yobiriwira pathumba. Anthu anamupatsa dzina loti Bwana Foloapu, ndipo iye atamva anakondwera, ankayesa ndi ulemu. Sanali munthu wankhanza ayi, musamuone molakwika. Sanakalipirepo munthu. Aliyense wolowa mu ofesi mwake ankatuluka akumwetulira, n'kudzazindikira ali kale pa njinga kuti sanamuthandize kanthu.

Pa tebulo langa panali mathireyi atatu: ya zolowa, ya zotuluka, ndi ya folo apu. Mu ya zotuluka munkagona mphaka wa mu ofesi, ndipo palibe amene ankamusokoneza. Ya folo apu ikadzaza, a Zgambo, mesenjala wathu, mkulu wa kabudula wa khaki, ankamanga mapepalawo ndi chingwe cha khonje n'kuika pamwamba pa kabati. Mtolo pamwamba pa unzake mpaka kugunda denga. Chiswe ndiye chinkawerenga makalata amenewo, tsamba ndi tsamba, osajomba ngakhale tsiku la tchuthi.

Tinalinso ndi kalata imodzi yoyankhira dziko lonse. Ndinaidula ndekha pa sitensulo, n'kupukusa makina mpaka mulu unafika m'chiuno. Inkanena mu Chingerezi chonona kuti nkhani yanu tailandira, ndipo tikupanga folo apu. Pamwamba tinkasiya mpata wa dzina. Bwana ankasainiratu mulu wonse tsiku limodzi, dzanja likuyenda lokha iye akumvera mpira pa wailesi. Ine ndinkalowetsa mayina a onse olembedwa m'kaundula, n'kulemberatu maenvelopu a chaka chonse kuti ndipume, ndipo miyezi itatu iliyonse a Zgambo ankatenga gawo lake n'kukaponya ku positi. Kaya wadandaula za munda, kaya za mlatho, kaya za mbuzi, mankhwala anali amodzi.

Tsono kunkabwera mkulu wina, a Shaba, wa mudzi wina kuseri kwa Champhira. Ankabwera pa njinga yakapalasa yopanda mabuleki, yoimitsa ndi chidendene. Inu mukakwera minibasi kuchoka pa Jenda mumafika mukulira msana ngati mwalima. Iwo ankapalasa tsiku lathunthu, kugona kwa mbale panjira, m'mawa n'kumalizitsa. Kamba wawo anali chimanga chokazinga ndi mbatata yootcha m'kathumba ka nsalu. Ankafika mwezi uliwonse, fumbi mpaka m'nsidze, n'kuvula chipewa akadali pabwalo, n'kudzakhala pa benchi imene inali pafupi ndi kabati ija.

Nkhani yawo inali ya mwana wawo mmodzi yekha wamwamuna, Yotamu. Mnyamatayo anatenga ng'ombe ya bambo ake yokoka ngolo, osapempha, n'kukaigulitsa pa Jenda kuti apite ku Joni kumigodi. Chaka choyamba analemba kalata imodzi. Kenako zii. Obwerako ena ankati anamuona, ena ankati mgodi unagumuka, ena ankati watchona basi, wapeza mkazi wa komweko. A Shaba sankafuna zambiri. Ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: mwana wawo ali moyo, kapena alire maliro?

Tsiku loyamba bwana anawamvetsera bwinobwino, akugwedeza mutu mwachifundo, n'kumaliza ndi mawu ake aja. A Shaba anatembenukira kwa ine.

"Mwana wane, bwana wakuti vichi?"

Ankafunsa kuti bwana akuti chiyani. Ine ndi nzeru zanga za kusukulu ndinawamasulira monga anatiphunzitsira aphunzitsi aja. Ndinati, "Adada, akuti atsata mapazi a mwana wanu monga mmene mumatsatira ng'ombe yosowa, mpaka amupeze."

Ana inu, nkhope ya mkulu uja inawala. Anaomba m'manja, "Yewo chomene, yewo chomene," mpaka kugwada pansi pa simenti. Iwo anali munthu wa ng'ombe, ankadziwa kuti wotsata mapazi sabwerera chimanjamanja. Bodza limenelo ndinanena ndine, ndipo ndinalinena mokoma.

Kuyambira pamenepo, mwezi uliwonse akakhala pa benchi paja funso linali limodzi: "NyaMoyo, mapazi afika pati?" Poyamba ndinkati akadali kutsata, adada. Kenako ndinachita manyazi kubwereza zomwezo, ndinayamba kuwayendetsa mapaziwo. Mwezi uno afika ku Lilongwe. Mwezi winawo awoloka malire. Nthawi ya mvula ndinati mitsinje yadzaza, otsata aja aima kaye. Iwo ankavomera, "Nadi, mvula yikuzimya mapazi," kuti zoona, mvula imafufuta mapazi. Ankabwera ndi uchi m'botolo, nthawi ina tambala wamoyo, kuti otsata mapaziwo apeze mphamvu. Tambalayo anatsata mapazi a bwana mpaka kukhitchini kwawo. Bwana akamawaperekeza pakhomo ankati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mdala." Ndipo makalata athu a pa sitensulo aja a Shaba ankawasunga m'chitini cha masikono, mphunzitsi wa m'mudzimo n'kumawawerengera, ngakhale onse ankanena zofanana.

Patapita zaka ziwiri ndi miyezi, tinamva kuti kukubwera akuluakulu a ku likulu kudzayendera maofesi. Ha! Simunaone anthu akugwira ntchito ngati simunaone ofesi imene ikuyembekezera alendo a ku likulu. Miyala ya m'mbali mwa njira inapakidwa laimu, mphaka anathamangitsidwa, ine ndinapukuta taipilaita mpaka pansi pake. Bwana anayang'ana pamwamba pa kabati n'kunena kuti, "Zgambo, zinyalala izi ndisazionenso." A Zgambo anali munthu wosataya chinthu. Anakweza mitolo yonse pa wilibala n'kupita nayo kumsika kwa a Yusufu, Msilamu wa ku Nkhotakota amene ankagulitsa usipa ndi mchere. Masiku amenewo kunalibe majumbo awa akuuluka paliponsewa, chilichonse chinkakulungidwa m'pepala. A Yusufu anapeza zokulungira za chaka chonse, a Zgambo anapeza ndiwo. Alendo aja atabwera anayamikira kwambiri kuti ofesi yathu ilibe ntchito yotsalira.

Lachinayi lina nditaweruka ndinagula usipa kwa a Yusufu omwewo. Ndikumasula kunyumba kuti ndichotse mitu, ndinaona kuti pepalalo ndi theka la kalata yotaipa, theka la m'munsi. Ife mataipisiti tili ndi matenda athu, sitingaone kalata ya mnzathu osayang'ana pamene walakwitsa. Ndinayamba kuwerenga ndikufuna zolakwa. Inali yochokera ku chipatala china ku Joni. Inkapempha ofesi yathu kuti ipeze bambo a Yotamu Shaba, iwauze kuti mwana wawo anavulala mumgodi, anamudula mwendo, wachira, ndipo amutumiza kwawo akangolandira kalata yodinda yonena kuti abale ake amulandira. Pansi penipeni panali mzere wa pensulo, zilembo zopindikapindika: "Adada, nili wamoyo. Lundi limoza palije. Kasi nize?" Tiwonge wandiyang'ana, ndimasulire. Ankati: Bambo, ndili moyo. Mwendo umodzi palibe. Kodi ndibwere?

Ndinasiya usipa pamkeka, nkhuku zinachita phwando tsiku limenelo. Theka la pamwamba, lokhala ndi keyala yoyankhira, panalibe. Ndinathamanga kubwerera kumsika, NyaMoyo wa ku ofesi, chitenje chili m'manja.

"Kwagwanji, mayi a ku ofesi? Usipa wawola?" anatero a Yusufu.

Ndinawafotokozera ndikupuma wefuwefu. Mkulu uja sanafunse zambiri. Anasamba m'manja, n'kuuza mnzawo wa tomato kuti awaonerere benchi.

"Pepala ndimang'amba pakati. Theka linalo ndakulungira amene anagula pambuyo panu." Anatsinzina pang'ono. "Pambuyo panu panabwera mayi aja ophika zitumbuwa ku depoti, anagula mchere. Tiyeni."

Ku depoti tinapeza mayiwo ataweruka. A Yusufu anafunsa wogulitsa nthochi, wa nthochi anatilozera kwa wokonza njinga, wokonza njinga anati amakhala kutsidya kwa mtsinje pafupi ndi chigayo. Njira yonseyo ine pakamwa sipanatseke. Ndinatukwana bwana, ndinatukwana a Zgambo, ndinati anthu opanda mtima, ana a njoka, angatenge bwanji moyo wa munthu n'kukulungira usipa? A Yusufu ankangoyenda, mkanjo ukupepera. Tinawapeza mayi aja atathira kale mchere m'chitini, ndipo pepala lija linali pafupi ndi mafuwa likudikira machesi.

Ndinalitola n'kuliwongola pabondo. Keyala inalipo yonse. Koma pakona panalinso chidindo cholandirira makalata. Chidindo chimenecho chinkakhala m'dirowa yanga, ndipo ine ndinkadinda mopendeka nthawi zonse, a Zgambo ankandiseka nazo. Chinali pomwepo, chopendeka. Tsiku lake ndinalikumbuka bwinobwino. Linali Lachisanu, mawa lake kunali ukwati wa mnzanga, ndipo ndinadinda makalata onse osawerenga ngakhale imodzi, n'kuwaponya m'thireyi yachitatu, kuthamangira kukawongola tsitsi. Ndinawerenga ndi zala: miyezi makumi awiri ndi iwiri. Sanali bwana, sanali a Zgambo. Ndinali ine, agogo anu.

Ndinakhala pansi pa dothi la eni n'kuyamba kulira. A Yusufu anandisiya pang'ono, kenako anati, "Mayi, kulira mulira bwino mukabwerako. Mwini kalatayu akuidikira." Mkulu ameneyo Chingerezi sankachidziwa ngakhale liwu limodzi, koma zimene aphunzitsi athu ankatanthauza zija anazichita dzuwa lisanalowe, n'kubwerera kukagulitsa mchere wake.

Lachisanu m'mawa ndinamata mapepala awiriwo ndi guluu n'kuwaika pa tebulo la bwana. Anawerenga, mphuno ikuthawa fungo. "Vere gudu, Mayi Moyo, vere gudu. Mwaona, zinthu zimatheka munthu ukadekha. Ikani m'thireyi, tipanga folo apu." Dzanja lake linali litayamba kale ulendo wopita ku cholembera chobiriwira. Ndinatsomphola kalatayo, ndinaipinda n'kuibisa pachifuwa. Kanali koyamba kutuluka mu ofesi ya bwana osanena kuti zikomo.

Loweruka ndinakwera basi yopita ku Jenda. Basi za nthawi imeneyo sizinali izi zanu zothamanga ngati zaba. Pamwamba njinga, matumba a chimanga ndi madengu a nkhuku, m'kati anthu ndi fodya wawo, ndipo pachitunda chachikulu amuna ankatsika kuti ipume. Inanditsitsa pa Champhira dzuwa lili pamutu. Kuchoka apo kunali kwa miyendo, ndipo gogoda wanga uja sanathe ngakhale mtunda umodzi, ndinamuvula n'kumunyamula m'manja. Ndili m'njira ndi pamene ndinazindikira chinthu china. A Shaba anali asanabwere ku ofesi miyezi iwiri. Ine sindinadabwe nazo, mwinanso mumtima ndinkati bola, ndapuma kupeka mabodza.

Ndinawapeza atagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, ataonda, chifuwa chikulira ngati chitseko. Akazi awo anali pambali akuwapepesa ndi phala. Atandizindikira anayesa kudzuka.

"Boma lafika pakhomo panga! NyaMoyo, mapazi afika pati?"

Ndinagwada n'kuwawerengera kalata yonse, kumasulira mzere ndi mzere, mpaka mawu a pensulo aja. Amayi aja anaimba nthungululu n'kuithera m'kulira. A Shaba anatenga pepalalo ndi manja onse awiri, anasisita zilembo za mwana wawo ndi chala, kenako analinunkhiza.

"Boma lithu liweme," anatero akuseka ndi chifuwa chawocho, "likutuma kalata na dende wuwo." Ankati boma lathu ndi labwino, limatumiza kalata ndi ndiwo zomwe.

Ndikanatha kukhala chete, ana inu. Anali okonzeka kundiphera nkhuku, kundiyesa wotsata mapazi wamkulu. Koma fungo la usipa lija linandikanika kulimeza. Ndinawauza zonse: za thireyi, za tsitsi langa, za mapazi amene sanafike ku Lilongwe kapena kulikonse.

"Miyezi yonseyi kalatayi inali kuti?" anafunsa.

"Pamwamba pa kabati, adada. Pafupi ndi benchi mumakhala ija."

Anayang'ananso pepala lija, ntchentche zikuyenda pambale ya phala.

"Ndiye ine ndinkapalasa njinga masiku awiri kudzakhala pansi pa mawu a mwana wanga?"

"Enya, adada."

"Ndipo iye kumeneko akuyesa ndinamukana chifukwa cha ng'ombe."

Ndinkafuna anditukwane, bola ndikanapepukidwa. Sananditukwane. Anangoti, "Tenga cholembera. Lemba kuti, Zanga, mwana wane." Kwathu kuno zanga ndiko kuti bwera, Wongani, usaganize za katundu. Kenako anawonjezera kuti, "Ulembenso kuti ng'ombe ija inali yokalamba kale."

Lolemba ndinataipa kalata yoyankha, yopanda cholakwa ngakhale chimodzi, mawu a mkuluyo ndinawalemba pansi pake ndi dzanja. Ndinailowetsa pakati pa mulu wa zosaina, ndipo bwana anasaina osaona, monga mwa mwambo wathu. Chidindo ndinadinda mowongoka kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga. Ku positi ndinapita ndekha, a Zgambo anadandaula kuti ndikuwalanda ntchito.

Kalata za nthawi imeneyo zinkayenda ngati nkhalamba. Komanso Yotamu anali atachoka kale kuchipatala kuja, akukhala kwa anthu ena a mpingo, ndiye anthu a kumeneko anachita kumufunafuna. Anafika ndi mvula yoyamba. Anatsika basi pa Champhira, munthu wina wachifundo anamukweza pa ngolo. Anapeza bambo ake ataikidwa m'manda masiku asanu ndi anayi apitawo. Amayi ake anamuuza kuti mkuluyo masiku ake omaliza ankakana kugona m'nyumba masana, ankati amuike poonekera msewu. Akuluakulu amati zengerezu adalinda kwawukwawu. Chimene sanatiuze n'chakuti nthawi zina wozengereza amakhala wina, wokwawa n'kukhala wina.

Mukuyesa nkhani yathera pamenepo? Simukuidziwa ofesi. Maenvelopu a chaka chonse aja ndinali nditalemberatu, ndipo m'chipwirikiti chonsechi ndinaiwala kuchotsa ya a Shaba. Nthawi yake itakwana, a Zgambo mokhulupirika anakaponya. Kalata inafika pamudzi pa maliro, anthu asanamete n'komwe, yotsimikizira malemu a Shaba kuti nkhani ya mwana wawo tailandira ndipo tikupanga folo apu.

Patapita sabata ziwiri ndinamva pakhonde la ofesi kuti go, go, go. Analowa munthu wamtali, ndodo m'khwapa, mwendo umodzi wa buluku utapindidwa n'kumangidwa ndi pini. Nkhope yake sinafune kufunsa dzina, inali ya a Shaba yeniyeni. Anatulutsa kalata yathu ya pa sitensulo n'kuiyala pa tebulo la bwana.

"Ndabwera kudzakuuzani kuti musavutikenso, bwana. Munthu mukumufunayo ndine."

Bwana anaimirira, anamugwira chanza, anamuuza kuti ofesi yanyadira kwambiri. Kenako anakhosomola. "Koma failo sitingaitseke chonchi. Lamulo lake, amene anabweretsa dandaulo ndi amene amabwera kudzanena kuti wakhutira."

"Ali kumanda."

"Pepani, pepani kwambiri. Ndiye pafunika kalata yotsimikiza zimenezo. Musadandaule, tipanga folo apu."

Ndinatseka maso, ndinkayesa ndodo ija itera pa tayi. Koma Yotamu anangoseka kamodzi, kuseka kopanda mano, n'kutembenukira kwa ine.

"Ndinu munalemba kalata yondiitana ija, amama?"

"Ndine. Ndi iyi mwabwera nayoyi ndinenso. Ndi yanu ija amene anaisunga ndine."

"Amayi anandiuza. Adada ankakhala pati?"

Ndinamulozera benchi. Anapita go, go, n'kukhalapo, chakumapeto kumene thabwa linali litasalala.

"Nanga kalata yanga inali pati?"

Ndinaloza pamwamba pa kabati. Mitolo yatsopano inali itayamba kale kumera pamenepo. Yotamu sanadzuke. Ali chikhalire pa benchi anakweza ndodo yake, anaitambasula pang'onopang'ono, ndipo nsonga yake inagunda pamwamba pa kabati paja kuti go. Inafika, ana inu, ndipo dzanja lake linali lisanawongoke n'komwe.

"Mbwenu," anatero, ndiko kuti basi. Anadzuka n'kutuluka.

Yotamu anadzakhala telala pa Jenda, akupalasa makina ndi phazi lake limodzilo, ndipo yunifolomu yoyamba ya amayi anu anasoka ndi iye. Sanandinenepo mawu oipa mpaka anamwalira, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwana. Bwana anakwezedwa, anapita ku likulu. Failo ya a Shaba sinatsekedwe, ndinangong'amba tsamba lake m'kaundula tsiku lina nthawi ya tiyi.

Mtedza mwaswa wochepa, koma zilibe kanthu. Amalume anu a Vitumbiko anachoka pano titasiyana ndi mawu osakoma. Zimenezo n'zanga ndi mwana wanga, musandifunse. Kafoni kanga ka mabatanika sikafika ku Joni, ndipo maso angawa manambala sakuwaonanso. Tsono Tiwonge, yako ili pamiyendo pakoyo, ili pafupi kuposa kabati ija. Imba pano ine ndikuona. Akapanda kuyankha, uimbire mnzawo uja anapita naye limodzi. Nayenso akapanda kuyankha, mawa tikwera minibasi kupita pa Jenda kwa amayi ake, tikafunse nambala ina, ine nsapato ndivala zafulati. Ndipo akayankha, usawafunse chifukwa chimene akhalira chete, usawafunse ngati atumiza kanthu. Ungowauza kuti amayi awo akuti, zanga.